Waya Wakuda ndi Belu la Bambo

Tsiku limene bambo anagwa pabedi ine ndinali pakhonde, ndikusoka mayunifolomu a ana a sukulu, ndipo sindinamve kanthu. Pakati pa khonde ndi chipinda chawo pali balaza lokha ndi zitseko ziwiri, koma nyumba yathu ku Kawale inayang'anizana ndi chigayo. Chigayocho chikayamba kulira, ngakhale anthu abwinobwino amachita kukuwirana kuti amvane. Bambo sanali abwinobwino. Sitiroko inali itawalanda mbali yonse yakumanja pamodzi ndi mawu, n'kuwasiyira dzanja lamanzere lonjenjemera, ndipo pa dzanjalo zala ziwiri zokha ndi zimene zinkawamvera.

Ndinalowa masana kuti ndiwadyetse, n'kuwapeza ali pasimenti, tsaya lili pansi, mlomo utang'ambika, zovala zitanyowa. Magazi a pamlomopo anali atauma kale. Sindikudziwa kuti anagona pamenepo nthawi yaitali bwanji, ndipo mpaka lero sindifuna kuiganiza. Munthu amene anatilera ndi ntchito ya magetsi a galimoto m'magalaja a ku Biwi, amene ankadziwa vuto la lole pongomva kulira kwa sitata, anagona pansi ngati thumba la chimanga, mwana wake ali panja akupalasa makina n'kumaimba nyimbo za kwaya.

Achimwene anga, oyamba kubadwa, amakhala ku Area 25. Anabwera madzulo a tsiku lomwelo, anaona mlomo wa bambo, ndipo sanandikalipire. Zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipa. Tinakhala pabalaza.

"Wayesetsa, mlongo wanga, koma wekha sungathe," anatero. "Kumudzi kuli anthu. Azakhali avomera kale. Loweruka lomaliza la mwezi uno ndibwera ndi galimoto."

"Kumudzi kuli chipatala chanji? Mafizo aziwachititsa ndani?"

"Nanga chipatala cha kunoko chinawamva ali pasimenti?"

Koma ine ndinakulira m'tauni muno, ndipo ndikudziwa tanthauzo la kupititsa wodwala kumudzi. Onse amene ndinawaonapo akukwezedwa pa matiresi kumbuyo kwa galimoto, uthenga wotsatira unkakhala wa maliro. Amayi tinali titawaika kwathu ku Ntcheu zaka zinayi m'mbuyomo, ndipo sindinali wokonzeka kuperekeza bambo ali moyo. Ndinagwada, ine mayi wamkulu wa imvi zoyamba, kupempha nthawi. Achimwene anati ndikapeza njira yoti bambo azindiitana ndili pakhonde, njira yeniyeni osati zamasewera, adzaiona Lowerukalo n'kukambirananso. Kunali kutatsala masabata atatu.

Ndinayamba ndi zimene aliyense akanayamba nazo. Supuni ndi mbale yachitsulo, koma supuni inkawapulumuka. Belu la njinga, koma chala chawo chinkangoterereka, mphamvu yokankhira panalibe. Ndinamangirira zitini ku chingwe chodutsa pawindo, ndipo mphepo ndi imene inkandiitana tsiku lonse. Tsiku lina ndinalowetsa makina osokera m'chipinda chawo momwemo, koma mumdima umenewo ulusi sulowa pa singano, komanso palibe mzimayi amene angavule kuti ayese diresi pamaso pa bambo a eni ake. Kusiya makinawo kunali kusiya kudya, tonse awiri.

Amene anandibweretsera kabolodi kamagetsi anali kasitomala wanga, mayi wophunzitsa zamagetsi pa koleji ina ya ntchito zamanja. Anabwera kudzachepetsa siketi, n'kundipeza ndikumasula zitini zija ndikutukwana chamumtima. Ndinawafotokozera zonse, ndipo mawa lake anabweranso ndi kabokosi ka pulasitiki. Munali kabolodi kabuluu kokwana pachikhatho, kokhala ndi timabowo m'mbali, timawaya tamitundumitundu, tizinthu tina tamiyendo ngati tizilombo, ndi kabuku ka Chingerezi.

"Kameneka ndi kaubongo," anatero. "Mumakalembera zochita, iko kamachita zomwezo osatopa. Koma n'kopusa zedi. Mukalakwitsa kadontho kamodzi, kamanyanyala."

Anandionetsa kachidutswa kena kofiira, kakang'ono ngati sitampa, kamene sikafuna kukanikiza. Munthu akangokakhudza ndi chala, kamauza bolodi kuti pakhudza munthu. Ndinadziwa pomwepo kuti zala ziwiri zija zikanatha zimenezo. Aphunzitsiwo anaika pulogalamu mufoni yanga, anandipatsa kachingwe kolumikizira foni ku bolodi, anandionetsa kamodzi mothamanga, kenako anandiuza kuti mawa lake akupita kumpoto kukayang'anira mayeso, ndipo kumeneko netiweki amachita kuisaka pachulu. Anandisiya ndi kabokosi pamiyendo, ine wolekezera Fomu 2, amene chinthu chamagetsi chokha chimene ndinakonzapo chinali pulagi ya ayironi.

Phunziro loyamba m'kabukumo linali loti kagetsi kakang'ono ka pabolodi kaziphethira. Inali mizere yochepa chabe. Ndinaikopera mufoni chilembo ndi chilembo, ndi chala changa cholimba ndi singano, n'kudina kuti ipite ku bolodi. Foni inandiyankha ndi mawu ofiira. Ndinalembanso, ofiira. Masiku awiri ndinakhala ndikusoka pang'ono, kuthamanga kukasuzumira bambo, kubwerera ku mawu ofiira. Ndinkaonera mavidiyo a anthu akunja olankhula ngati akuthawa mvula, aliyense akuyamba ndi kunena kuti zimenezi n'zosavuta, bandulo n'kutha asanafike pamene ine ndakakamira. Munthu aliyense wonena kuti n'zosavuta ndinkafuna kumukankhira m'ngalande.

Vuto linali kadontho kokhala ndi kamchira pansi pake, kamene kamatseka mzere uliwonse. Ine ndinkakaona ngati kokongoletsa, n'kumaika kadontho wamba monga anatiphunzitsira kusukulu. Nditakonza, mawu ofiira sanabwerenso, ndipo kagetsi kachikasu kanayamba kuyaka ndi kuthima kokha. Ndinasintha nambala ina, kanayamba kuphethira mofulumira. Ndinathamanga nako kuchipinda.

"Bambo, taonani, kakundimvera."

Anakayang'ana nthawi yaitali. Koma maso awo sanali pa kagetsiko. Anali pa timabowo ta m'mbali, akuwerenga tizilembo tolembedwa pamenepo, kabowo ndi kabowo. Ine ndinali wokondwa kwambiri moti sindinalabadire.

Sabata yoyamba isanathe ndinali nditalumikiza kokhudza kaja ndi kabelu kakang'ono ka m'bokosimo. Sindinganame kuti ndinkamvetsa zimene ndikuchita. Ndinkangotsatira chithunzi chamitundu ngati patani ya diresi, wofiira apa, wachikasu apa, wakuda apa. Chimene ndinachita ndi mutu wanga, ndipo ndimanyada nacho, ndi kulembera kabolodiko kuti chala chikangokhudza ngakhale pang'ono, belu lilire kwa kanthawi ndithu, popeza dzanja la bambo silikhazikika malo amodzi. Ndinamata kokhudzako pa kathabwa, n'kukaika pansi pa dzanja lawo. Anakhudza, kabelu kanalira. Koma kankalira ngati mwanapiye wotayika. Ngakhale nditatalikitsa waya mpaka pafupi ndi makina, chigayo ndi kupalasa kwanga zinkakameza.

Ndinapita ku Mchesi kwa ogulitsa zotsala za magalimoto, bambo nditawasiya ndi mayi wina wa kutchalitchi, n'kupezako sayirini yakuda ya alamu ya galimoto. Wogulitsayo anaigunditsa pa batire, ndipo mzere wonse wa mashopu unatembenuka. Anandichenjeza kuti chinthuchi chimadya moto wambiri, kabolodi kangako sikangachidyetse, chimafuna batire yakeyake. Batire ya njinga yamoto ndinaipeza komweko.

Kabuku kaja kanali ndi tsamba la zimenezi. Pakati pa bolodi ndi chinthu chachikulu pamakhala tranzisita, kanthu kakuda kamiyendo itatu kogwira ntchito ngati mlonda wa pageti. Bolodi ikakanong'oneza, iko kamatsegulira moto wa batire yaikulu. Koma tsamba limeneli linalibe chithunzi chamitundu. Linali ndi mizere yokhayokha, ndipo pansi pa batire ndi pansi pa mwendo umodzi wa tranzisita panali kachizindikiro ka timizere titatu tonka tichepa, koloza pansi. Mawu ake ankati zonsezi zipite ku graundi.

Graundi imene ine ndinkaidziwa ndi kumene amasewerera mpira. Ndinaimbira aphunzitsi aja kasanu, foni yawo sinkapezeka.

Kuseri kwa mpanda wathu kumakhala bambo wina woika magetsi m'nyumba za anthu, munthu wamtima wabwino koma amene chibadwire sananenepo kuti sindikudziwa. Ndinawaonetsa tsambalo. Anangoliponyera diso kamodzi.

"Graundi ndi ethi, asisi. Ndi Chingerezi cha kunja chabe. Chizindikirochi mukuchiona? Ndi chitsulo cholowa m'dothi. Nyumba iliyonse timakhoma."

"Kanthu kakang'ono ngati aka kafunenso chitsulo, a neba?"

"Magetsi ndi magetsi. Kumbani dzenje, muike makala ndi mchere, mukhome chitsulo, muthire madzi. Dothi la kuno ndi louma, limafuna kulinyengerera."

Anandipatsa chitsulo chachitali chotsala pa ntchito ina, ndipo ndinawathokoza ndi mtima wonse. Munali mu Okutobala. Dothi la kuseri kwa windo la bambo linali gwa ngati simenti, ndipo ndinakumba ndi khasu mpaka manja anga osokera anatuluka matuza. Ndinaika makala, ndinaika mchere, ndinakhoma chitsulo ndi mwala, ndinathira madzi. Ndinamangirira waya wakuda wautali ku chitsulocho, kuulowetsa pawindo, n'kuulumikiza ku batire ndi ku mwendo wa tranzisita monga mizere ija inkanenera. Sayirini ndinaipachika pakhonde, pamwamba pa makina. Kenako ndinakhudza kathabwa. Kagetsi ka pabolodi kanayaka kusonyeza kuti kamva, koma pakhonde panangoti zii.

A neba anati mchere wachepa. Ndinawonjezera. Anati madzi sanafike pansi. Ndinayamba kuthira m'mawa ndi madzulo, madzi ochita kusenza pamutu kuchokera ku kiyosiki, poti pampopi pathu anali asakutuluka. Anati chitsulo chilowenso, ndinachikhoma mpaka kutsala mutu wokha. Ndinalembanso mizere yonse mufoni poganiza kuti kadontho kamchira kandithawanso. Ndinasinthanitsa miyendo ya tranzisita mpaka imodzi inanunkha ngati tsitsi lopserera, n'kutsala ndi imodzi yokha m'bokosi. Ndinabwerera ku Mchesi nditapsa mtima kuti andigulitsa chakufa, wogulitsa uja anaigunditsa pa batire, inakuwa, anthu anandiseka. M'minibasi pobwerera ndinaikumbatira pamiyendo ndikulira mobisa, kondakitala n'kumandifunsa ngati andibera.

Chimene sindinaganizire n'chakuti mpanda wathu ndi waudzu. Anthu ankaona mayi akukwirira makala ndi mchere kuseri kwa chipinda cha wodwala, akuthira madzi m'mawa ndi madzulo akuyankhula yekha, ndi waya wakuda wochokera m'dzenje kulowa pawindo kukafika pabedi. Ku Kawale zimenezo sizifuna wofotokozera. Amayi awiri anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, aliyense ndi kabodza kake. Pa kiyosiki ndinamva ndi makutu anga kuti makina anga akuyendera mphamvu za bambo, n'chifukwa chake iwo sakuchira. Ndinatula ndowa pansi kuti ndiyankhe, koma ndikanati chiyani? Kuti ndikufunafuna graundi? Nkhaniyo inakwera minibasi mpaka ku Area 25, ndipo Lachitatu la sabata yomaliza achimwene anaimba.

"Ndamva zoti ukukwirira zinthu kuseri kwa nyumba. Loweruka ndikubwera ndi azakhali, ndipo matiresi ndagula kale."

Masiku onsewo bambo anali ndi mawu amodzi. Chiyambire sitiroko ankangobuula, koma tsopano ndikangolowa ndi mawaya anga, nkhope yawo inkakwinyika, mitsempha ya pakhosi n'kutupa, mpaka atulutse: "Bo… bodi." Ine ndinkamva kuti thupi likuwawawa, poti m'tauni muno ndi mmene ena amanenera. Ndinkasiya mawaya, kuwatembenuza, kuwasisita msana ndi mafuta, kuwakonzera pilo.

"Pepani bambo, ndikudziwa kuti mukumva kuwawa."

"Bodi."

"Eya, bodi. Ndikusisitani, musadandaule."

Tsiku lina ndikuwasisita choncho anatseka maso, misozi n'kutsikira m'khutu. Ndinaganiza kuti ndi ululu, ndipo ndinawapatsa mankhwala.

Lachisanu masana ndinagonja. Ndinapita kuseri, ndinamasula waya wakuda ku chitsulo chija, ndinaukokera m'chipinda n'kuuponya pabedi. Ndinakhala pasimenti pomwe paja ndinawapeza, ndipo kwa nthawi yoyamba chidwalire iwo ndinalira mokweza pamaso pawo. Ndinali nditatopa, manja ali mabala, makasitomala atathawa, dzina langa litaipa mzere wonse wa nyumba zathu, ndipo zonsezo zinali zitapita pachabe.

"Bambo, ndalephera. Mawa akutengani."

Nditadzutsa mutu kuti ndiyambe kulongedza, ndinapeza waya uja uli pakati pa zala zawo ziwiri. Ndinaukoka pang'ono, sanausiye. Ndinakokanso, anaugwira ngati nkhanu. Dzanja lonse linkanjenjemera, koma linkayenda pang'onopang'ono pabulangete, likuukokera ku kampando kamene panali kabolodi. Litafika kumapeto kwa bedi linaima, poti pamenepo ndi pamene mphamvu zinathera. Anandiyang'ana ndi diso limene ankatiyang'ana nalo tili ana tikasiya sipanala panja.

"Bodi."

Apo m'pamene ndinakumbukira. Ndili mwana ndinkawapititsira chakudya ku galaja, ndipo tsiku lina ndinawapeza atagona chagada pansi pa lole, akupala penti ndi mpeni kuti amangepo waya wakuda. Ndinawafunsa chifukwa chimene akuonongera galimoto ya eni ake. Anaseka n'kundiuza kuti galimoto imaima pa matayala, dothi siilikhudza, choncho ethi yake ndi bodi yake yomwe, ndipo mawaya onse akuda amakakumana pamenepo.

Kabolodi kanalibe bodi yachitsulo. Koma nditakayang'anitsitsa ndinaona kuti mawaya akuda onse amene ndinaika potsatira chithunzi chamitundu chija ankalowa m'timabowo tolembedwa zilembo zitatu zofanana, G, N ndi D. Masabata atatu ndinakhala ndikuziona. Ndinazitchula mokweza, n'kumva graundi ili momwemo, atangoifupikitsa ngati mmene timalembera mameseji. Kabowo kamodzi kanali kopanda kanthu, kakundidikira chibwerere kabokosi m'nyumba muno.

Ndinatenga wayawo m'zala zawo, ndipo ulendo uno anausiya. Ndinaudula, ndinasenda nsonga ndi mano, ndinaulowetsa m'kabowoko. Ndinaika kathabwa pansi pa dzanja lawo. Chala chinatsika.

Sayirini inakuwa pakhonde moti nkhuku za a neba zinaulukira pampanda. Chigayo chinali chikulira, koma antchito ake anatuluka, oyera ndi ufa, akusakasaka galimoto imene ikubedwa. Ine ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi, nditagwira dzanja la bambo ndi manja onse awiri.

"Simupitanso, bambo. Mwamva? Simupitanso kulikonse."

Sanamwetulire. Anayang'ana kudenga, ndipo ine ndinati atopa.

Loweruka achimwene anafika cha m'ma teni ndi galimoto yobwereka, matiresi atsopano ali kumbuyo mu pulasitiki yake, ndi azakhali, mlongo wa bambo, mayi wamfupi wosataya mawu. Asanakhale n'komwe anapita kuseri kukaona dzenje. Ndinafotokoza za graundi kuyambira pachiyambi. A neba anasuzumira pampanda kuchitira umboni, n'kuwonjezera kuti iwo ankadziwa kale, ankangofuna kuti nyumbayi ikhalenso ndi ethi yabwino. Azakhali anawayang'ana mpaka mutu unabwerera kuseri kwa mpanda.

Kenako ndinaonetsa belu. Ndinaimika achimwene pakhonde, ndinawauza kuti apalase makina ndi mphamvu zawo zonse, ine ndinapita kukauza bambo kuti akhudze. Achimwene analumpha pampando atagwira makutu. Atalowa m'nyumba ndinaona pankhope pawo kuti agonja, ndipo kunena zoona ndinamva kukoma koipa, kwa mwana wamng'ono amene wapambana mkulu wake.

Tinakhala pabalaza atatu, chitseko cha kuchipinda chili chotsegula pang'ono. Ndinawerengera zonse: chipatala chili pafupi, mafizo akuthandiza, tsopano akhoza kundiitana. Achimwene ankangogwedeza mutu, akuyang'ana makiyi a galimoto m'manja.

"Ndiye nkhani yatha," ndinatero. "Bambo akhala konkuno."

Sayirini inalira. Ndinathamangira kuchipinda monyada, kuti aone mmene zizikhalira. Ndinawafunsa ngati akufuna madzi, ngati akufuna kutembenuka, ngati akufuna kuchimbudzi. Anangondiyang'ana. Ndinaganiza kuti chala chaterereka, n'kubwerera pabalaza.

"Ndimati nkhani yatha, achimwene. Matiresiwo mukabweze, bambo sakupita kumudzi."

Inaliranso. Ndinanyamuka, koma azakhali anandigwira chitenje.

"Khala pansi, mwana iwe. Munthuyu sakuitana, akuyankhula. Nonse awiri mwakhala mukukangana mwezi wathunthu. Eni ake munawafunsa?"

Achimwene anayang'ana pansi. Azakhali analowa kuchipinda, ife tinatsatira n'kuima pakhomo. Anakhala m'mphepete mwa bedi, anakonza kathabwa pansi pa dzanja la mlongo wawo, n'kuyankhula pang'onopang'ono.

"Achimwene, mwanayu wakusamalani bwino. Mukufuna kukhala kuno ndi iyeyu?"

Chala chinali m'mwamba, chikunjenjemera pamwamba pa kofiira kaja. Ndinachiyang'ana ndi mtima wanga wonse. Ndinapemphera kuti chitsike, ngakhale mwangozi, poti chinali chitatsikapo mwangozi kangapo dzulo lake. Bambo anachigwira m'mwamba ndi mphamvu zimene sindinkadziwa kuti akadali nazo, thukuta likutuluka pamphumi. Chigayo chokha ndi chimene chinkamveka.

"Nanga mukufuna kupita kwathu, kumene kuli mayi a anawa?"

Sayirini inalira. Inalira kanthawi kaja kamene ine ndinalemba ndi chala changa, n'kusiya. Bambo anakhudzanso.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinafuna kuzula mawaya onse, kuponya kabolodi pakhoma. Manja anga anali akadali ndi mabala a khasu, ndipo mawu oyamba amene chinthu changa chinawapatsa anali ondikana ine. Ndinatuluka kukaima kuseri, pa dzenje paja, pamene dothi linali litayera ndi mchere. Ndili pamenepo ndinazindikira chimene bambo ankalimbanirana ndi waya uja. Sankafuna belu loitanira madzi. Ine ndinafunsa foni, ndinafunsa aphunzitsi, ndinafunsa wa ku Mchesi, ndinafunsa a neba, pamene katswiri wa mawaya anali gone pabedi akundiyang'ana. Za wayazo sindinawafunse chifukwa ndinali nditaiwala kuti m'thupi lija akadalimo. Za kumudzi sindinawafunse chifukwa yankho ndinkalidziwa.

Achimwene anati akhoza kudikira sabata ina, koma azakhali anati munthu akanena zimene akufuna si bwino kumugoneka nazo. Ndinalongedza ndekha. Zovala, mankhwala, pilo, baibulo lawo, ndi katoni ina yapadera ya kabolodi, batire ndi sayirini, waya uliwonse nditaumata kapepala kolemba m'Chichewa kuti ulowa pati. Pa wakuda uja ndinalemba kuti bodi.

Tinawanyamula ndi a neba n'kuwagoneka pa matiresi kumbuyo kwa galimoto, azakhali atakhala pambali ndi ambulera. Anthu a mzere wathu anatuluka kudzaonerera, ena mwa iwo omwe aja a pa kiyosiki. Ndinakwera pa tayala kuti ndikonze bulangete. Ndinali nditakonza mawu ambiri, koma amene anatuluka anali funso, loyamba limene ndinawafunsa chidwalire.

"Bambo, ndizibwera kudzakuonani?"

Kathabwa kanali m'katoni, mawaya onse ali omasula. Dzanja lamanzere linayenda pabulangete mpaka linapeza mkono wanga, ndipo chala chija chinatsika pa mtsempha, n'kukhala pomwepo osachoka. Achimwene analiza galimoto. Chigayo chinali chikulira ngati masiku onse, koma ulendo uno ndinamva.